Tisanapente pikapu yathu, tiyambe tawerenga malita

Mawu omwe mnzathu wina, mlimi wa mbatatesi, anayankhula pa msonkhano wa makalabu omvera wailesi a ku Tsangano ndi ku Macanga

 Ine si makaniko, ndine mlimi ngati inu nomwe. Koma akomiti andipempha kuti ndinene za penti wa galimoto, chifukwa funso limeneli lakhala likubwera m'makalabu angapo: tigule wochuluka bwanji, nanga tikagula timusunge motani?

Ena mwina muziti nkhani yake ndi ya anthu olemera. Ayi ndithu. M'midzi mwathu muno pikapu imodzi imatumikira mabanja ambiri. Ndi yomwe imatsitsa mbatatesi kupita ku Ulónguè, ku Moatize ndi ku Tete, ndi yomwe imabweretsa feteleza, ndipo usiku mayi akadwala ndi yomweyo imathamangira kuchipatala. Zambiri ndi zakale, ma Hilux, ma Isuzu, ndi tija ta Nissan 1400 tomwe ku South Africa anasiya kupanga mu 2008. Ikafa imeneyi, ina yogula ilibe kochokera.

Chimene chimapha bodi ya galimoto ndi dzimbiri. Feteleza ali ngati mchere. Thumba likabooka pang'ono, timibulu tija timalowa m'makona, tikakumana ndi chinyezi timayamba kudya chitsulo. Onjezanipo matumba a mbatatesi okhala ndi dothi lonyowa, ndi nkhungu yathu ya kuno kumapiri. Penti akangokalika, chitsulo chatsala pamtunda. Ndiye kupenta si kukongoletsa chabe ayi, ndi kuveka chitsulo chovala.

Tsono tiyambe ndi kuyeza. Ambiri amangofunsa wogulitsa kuti, "Pikapu imatha zitini zingati?" Iye sanaione galimoto yanu, ndipo ntchito yake ndi kugulitsa. Tengani tepi, kapena chingwe chimene mwachiyeza mita imodzi. Penti amawerengedwa ndi sikweya mita, ndiye kuti malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mumachulukitsa litali ndi lifupi, basi.

Ndikupatseni chitsanzo cha Hilux ya kabini imodzi yomwe tinayeza ku kalabu yathu, manambala ake tinawazungulitsa kuti asavute. Mbali imodzi, mamita 5 m'litali ndi mita imodzi kutalika, magalasi osawerengera, ndi 5. Mbali ziwiri, 10. Boneti ndi kumaso, 3. Denga ndi kumbuyo kwa kabini, 3. Chitseko cha kumbuyo kunja kwake, 1. M'kati monyamulira katundu, pansi ndi makoma omwe, 7. Zonse pamodzi ndi masikweya mita 24.

Kenaka werengani pachitini. Pamalembedwa kuti lita imodzi imakwana malo aakulu bwanji, pa Chipwitikizi amati rendimento. Tinene kuti palembedwa 10. Ndiye kupaka kamodzi malo 24 aja kukufuna malita awiri ndi theka. Koma kamodzi sikukwanira, pamafunika kawiri, ndiye malita 5. Amenewa ndi a munthu wopaka ndi bulashi. Ngati mmisiri apopera ndi makina, penti wambiri amauluka ndi mphepo osafika pachitsulo, choncho konzekani malita 6 kapena 7. Mukafuna kuphimba mtundu wakuda ndi woyera, dziwani kuti mwina mupaka katatu. Ndipo pamwamba pa zonsezi onjezani theka la lita loti litsale, lodzatsekera mabala m'tsogolo.

Musaiwale penti wa pansi, pulaima, amene m'masitolo a kuno amati primário. Ameneyu ndiye amagwira chitsulo ndi kuletsa dzimbiri. Ngati mwapala galimoto yonse, malita 3 angakwane. Ngati mwapala pokhapokha pamene panadyeka, lita imodzi ndi yokwanira. Pakufunikanso thina wosungunulira, sandipepa yokhakhala ndi yosalala, tepi ndi manyuzi ophimbira magalasi. Zonsezi zilembedwe papepala musanakwere chapa. Kuiwala chinthu chimodzi ndi ulendo winanso wa ku tawuni, ndipo mukudziwa nokha mtengo wa ulendo.

Pa mitundu ya penti, safunsa anadya phula. Pali penti wa mafuta, esmalte, wouma yekha ndi mphepo. Ndi wotsikirapo mtengo ndipo amalola bulashi. Palinso wina amati 2K, wosakaniza ndi mankhwala olimbitsa. Ameneyu ndi wolimba kwambiri, koma mukangosakaniza amagwira ntchito maola ochepa okha, kenaka amauma m'chitini momwemo ngakhale mutseke chotani. Sakanizani wokwanira nthawi yomweyo. Nthunzi yake imawononga mapapo, ndipo kansalu kapakamwa sikateteza. Asiyireni amisiri okhala ndi zovala zake. Chinanso, penti aliyense ali ndi thina wake. Thina wamphamvu akagwera pa esmalte wakale, pentiyo amachita makwinya ngati khungu la nkhalamba. Yesani kaye pakangodya kobisika. Petulo ndi parafini si thina, ndipo sipuleya yanu ya m'munda isalowe nawo m'ntchito imeneyi.

Gulani zitini zonse tsiku limodzi, sitolo imodzi, kampani imodzi. Zitini ziwiri zolembedwa mtundu umodzi zimatha kusiyana pang'ono. Tsiku lopenta thirani zonse m'ndowa imodzi yoyera, mutakase, kuti chitseko chisasiyane ndi boneti. Ndipo taganizani kawiri musanasinthe mtundu. Mtundu wa galimoto unalembedwa mu livrete. Mukausintha osakakonzetsa mapepala ku INATRO, apolisi apamsewu adzakufunsani. Kubwezera mtundu womwewo kumapulumutsa penti ndi mapepala omwe.

Tsopano za kusunga. Ndalama zathu zimabwera nthawi yogulitsa fodya ndi zokolola, koma imeneyo si nthawi yabwino yopentera. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira, nkhungu imachedwa kuchoka, penti sauma msanga ndipo amatha kuchita mbuu ngati wathiridwa ufa. Nthawi ya mvula ndiye osayerekeza. Mu Okutobala chitsulo chimatentha, penti amauma asanayalane bwino. Nthawi yabwinoko ndi kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, tsiku lopanda mphepo, mame atauma, galimoto ili pamthunzi, pansi mutawaza madzi kuti fumbi lisabuke. Ndiye wogula mu Meyi asunga zitini miyezi itatu kapena inayi.

Zitini zikhale pamalo ozizira, ouma, osafika dzuwa. Ziikeni pathabwa kapena pa njerwa, chifukwa pansi pa dothi chitini chimachita dzimbiri n'kubooka. Kukhitchini ayi, pafupi ndi mbaula kapena koloboyi ayi, poti thina amayaka msanga ngati petulo. Anzathu a ku Macanga, m'chigafa cha fodya musaikemo penti. Fodya amakoka fungo, ndipo moto ukabuka mwataya chaka chonse. Pafupi ndi ufa ndi mbewu ayinso. Chitini chosatsegula musachitsegule kuti mungoona mtundu.

Wotsala uja mumusamale chonchi. Chimene chimaumitsa penti ndi mphepo ya m'chitini, n'chifukwa chake pamwamba pamachita chikhungu. Akatsala pang'ono, msamutsireni m'kachitini kakang'ono koyera koti kadzaze. Pukutani m'milomo mwake, yalani kapulasitiki, ikani chivindikiro, mukhome pang'onopang'ono ndi kathabwa, osati hamala mwachindunji. Mukatero katembenuzeni kamphindi kuti penti atseke timipata. Lembanipo mtundu ndi tsiku. Podzatsegula, chotsani chikhungu, takasani mpaka pansi, musefe ndi kansalu kopyapyala. Akakhala mabulumabulu osasungunuka, watha ntchito. Mankhwala olimbitsa a 2K sagwirizana ndi chinyezi, akatsegulidwa sakhalitsa, choncho gulani botolo laling'ono.

Amayi, gawo ili ndi lanu kwambiri. Thina asathiridwe m'botolo la zakumwa, mwana adzayesa madzi. Chitini cha penti chisasanduke chotungira madzi, chosungira mafuta ophikira kapena chofululira thobwa, ngakhale muchitsuke kangati. Penti wina wa galimoto, makamaka wakale wofiira ndi wachikasu, amakhala ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana. Popala, nyowetsani sandipepa kuti fumbi lisauluke, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale patali. Nsanza zonyowa ndi penti wa mafuta musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi. Zotsukira mabulashi zisatayidwe mumtsinje kapena kudimba kumene timathirira mbatatesi.

Pempho langa kwa makalabu ndi ili. Amene muli ndi magalimoto m'dera limodzi, yezani limodzi, mutume munthu mmodzi kukagula, mugawane thina ndi pulaima. Mukatha kupenta, dikirani masiku angapo musanakweze matumba, ndipo muziyala lona kapena matabwa pansi ponyamula feteleza, mukatsitsa muzitsuka. Amene ali ndi mafunso apereke kwa alembi a kalabu yawo kuti tidzawayankhe pa pulogalamu yathu. Tepi yoyezera ndabwera nayo, ndipo pikapu ya abambo aja ili panjapo. Tikamwa tiyi tipite tikayeze tonse.