Chidzenje cha Tycho: chipsera chimene mungachione muli pakhomo panu

Lero ndikufuna tikambe za dzenje limodzi lokha, lomwe lili pamwezi. Dzina lake ndi Tycho.

Mwezi ukakhala wathunthu, mudzauyang'ane ukangotuluka kum'mawa. Cha kudzanja lanu lamanja, komwe ndi kummwera kwa mweziwo, kuli kadontho kowala kwambiri, ndipo kuchokera pamenepo pali mizere yoyera yomwazikira mbali zonse, ngati mmene ufa umachitira thumba likagwa pansi n'kuphulika. Amaso akuthwa amakaona popanda chida chilichonse, koma ndi ma binoculars simungakaphonye.

Kadontho ndikunenaka si kakang'ono ayi. M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 85, kuposa mtunda wochoka ku Blantyre kukafika ku Zomba. Kuya kwake kumapitirira makilomita anayi. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndiye mutati mulinyamule phirilo n'kuliika m'dzenjemo, silingasuzumire n'komwe kunja.

Nanga linakumbika bwanji? Chimwala chochokera mumlengalenga chinamenya mwezi paliwiro loopsa zedi. Pakati penipeni padzenjelo pali phiri lotalika pafupifupi makilomita awiri, ndipo ena mungadabwe kuti phiri likutani m'dzenje. Ponyani kamwala m'ndowa yamadzi muone: pakati pamadumpha madzi kubwerera m'mwamba. Nthaka yapamwezi inachitanso chimodzimodzi, kungoti iyo inauma ili chomwecho. Zipupa zam'mbali nazo zinagumukira mkati n'kupanga ngati masitepe. Mizere yoyera ija ndi miyala ndi fumbi zomwe zinathothoka, ndipo ina inafika kutali makilomita 1,500.

Akatswiri amati izi zinachitika zaka pafupifupi 108 miliyoni zapitazo, potengera miyala yomwe a Apollo 17 anabwera nayo mu 1972. Kuno kudziko inali nyengo ya zinyama zikuluzikulu zija za mtundu wa Malawisaurus, yomwe mafupa ake anapezeka ku Karonga. Zikumveka zakalekale eti? Koma pamwezi limeneli ndi dzenje lachinyamata ngati ife. Kulibe mvula kapena mphepo yoti n'kufufuta chipseracho, n'chifukwa chake chikuwalabe pomwe maenje akale anathimbirira.

Tsopano za dzina. Anapereka dzinali ndi wansembe wa ku Italy, Giovanni Battista Riccioli, m'buku lake la Almagestum Novum la mu 1651, momwe munali mapu a mwezi omwe anakonza ndi mnzake Francesco Maria Grimaldi. Dongosolo lake lotcha maenje apamwezi mayina a akatswiri ndi lomwe tikutsatabe. Dzenje lowala kwambirili analipatsa Tycho Brahe, katswiri wa nyenyezi wa ku Denmark yemwe anabadwa mu 1546 n'kumwalira mu 1601.

Apa ndiye mumvetsere bwino. Tycho sanagwirepo telesikopu, chifukwa chidachi chinatulukira mu 1608, iye atapita kale. Zipupa ndi phiri la m'dzenje lotchedwa dzina lakeli sanazione. Ndiye ulemuwu anaupeza bwanji? Kwa zaka pafupifupi 20, pachilumba cha Hven, iye ndi omuthandiza ankayeza malo a nyenyezi ndi mapulaneti usiku ndi usiku, n'kumalemba manambala mosamala kuposa wina aliyense m'nthawi yake. Pankhani ina yaikulu anaphonya: ankati dziko lathuli laima chilili, dzuwa ndi lomwe limalizungulira. Koma manambala ake anali oona, ndipo Johannes Kepler anagwiritsa ntchito manambala omwewo pozindikira kuti mapulaneti amazungulira dzuwa m'njira yowulungika motalikirapo ngati dzira. Maganizo a Tycho anagwa, zolemba zake zinatsala.

Masiku ano munthu sungangodzuka n'kutcha dzenje dzina la bwenzi lako. Mayina amavomereza ndi bungwe la International Astronomical Union, ndipo mwini dzinalo amayenera kukhala woti anamwalira zaka zosachepera zitatu zapitazo. Mukaona pa intaneti ena akugulitsa malo kapena mayina apamwezi, sungani ndalama yanu, pepalalo palibe amene amalizindikira.

Ndiye nali pempho langa. Tisangomva n'kuombera m'manja. Mwezi ukubwerawu aliyense apeze kope. Muyang'ane Tycho kawiri: koyamba patatha tsiku limodzi kapena awiri mwezi utafika theka, pomwe dzuwa limamenya cham'mbali ndipo mithunzi imaonetsa kuya kwa dzenjelo, kachiwiri mwezi uli wathunthu, pomwe mithunzi imasowa koma mizere yoyera ija imaonekera bwino. Mujambule ndi pensulo zomwe mwaona, mulembe tsiku, nthawi ndi malo. Amene muli ndi ma binoculars musawaumire, tidzabwerekane. Tikadzakumananso tidzaike makope athu pamodzi tione ngati tonse tinaona zofanana.