Madzi Saiwala Khwawa

Akuluakulu, amayi ndi abambo, abale ndi alongo olemekezeka, lero ndikufuna tikambe za ngalande za m'matauni athu a m'mbali mwa nyanja.

Makolo athu anati madzi saiwala khwawa. Malo amene madzi ankadutsa kale adzadutsamonso, ngakhale titamangapo nyumba ya njerwa zootcha. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene Nyanja ya Malawi inakwera kwambiri ndi kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota.

Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, lomwe ndi mtsinje wa Shire. Mtsinjewu umayambira ku Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe, n'kufika pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, pomwe akatswiri amayeza madzi oti adutse. Akatsekula zitseko mopitirira muyeso, abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndiwo amamira. Choncho nyanja ikadzaza siphwa msanga. Nthaka ya m'tauni imakhuta madzi, ndipo mvula ikagwa, ngalande zimasowa kothira. Ngati ngalandezo zadzazanso mchenga, majumbo ndi mabotolo, madzi amabwerera pakhomo pathu.

Madziwo sabwera okha. Amasefukira m'zimbudzi, kenako n'kulowa m'zitsime zomwe timamwa. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unabuka pambuyo pa anamondwe Ana ndi Gombe, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Ambiri mwa ife tinaperekeza maliro m'nyengo imeneyo.

Kusamalira ngalande, kuchotsa zinyalala m'misika ndi kuvomereza mapulani a nyumba ndi ntchito za khonsolo, ndipo makhansala timawasankha ndife. Wofuna udindowu akabwera kudzakupemphani voti, mufunseni modekha mafunso atatu. Kodi ngalande za m'dera lino zidzakumbidwa mwezi uti, mvula isanayambe? Kodi zinyalala za pamsika zidzatayidwa kuti, ndipo adzazinyamula ndani? Nanga adzalimba mtima kukaniza munthu wachuma amene akufuna kumanga m'dambo kapena pakhwawa? Amene akudziwa dera lake adzatchula msewu, mlatho ndi ngalande ndi maina ake. Wosadziwa adzangoti zonse tidzakonza.

Nafenso tili ndi gawo lathu. Jumbo lomwe mwana wataya pakhomo panu mu Okotobala ndilo lidzatseke paipi ya pansi pa msewu mu Januwale, ndipo woyamba kuvutika adzakhala mnansi wa kumunsi. Tisanaloze chala khonsolo, banja lililonse litenge khasu ndi fosholo, liyeretse ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yake mvula yoyamba isanagwe.