Thupi Likabwerera: Mawu kwa Iwo Amene Anachepetsa Kudya Nanenepanso

(Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Sasare)

Nkhani yanga ndi ya thupi la mphunzitsi, makamaka ya iwo amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi, nayesetsa, naona sikelo ili kutsika, koma itapita miyezi thupi lija linabwerera, ndipo tsopano lamulo la kadyedwe lili kuwakanika. Otere sanena kanthu. Angoboola bowo lina pa lamba, nakhala chete ndi manyazi. Ndifuna kuwaonetsa zinthu ziwiri: kuti kubwerera kwa thupi sikusonyeza kufooka kwa mtima, ndi kuti ntchito imene anaigwira poyamba siinapite pachabe.

Wina anganene kuti kunenepa ndi nkhani ya ku Lusaka ndi ku migodi, yosayenera msonkhano wa aphunzitsi a kumudzi. Tiyeni tione. M'chaka cha 2017 Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la WHO, unapima anthu a zaka 18 kufikira 69 m'zigawo zonse za Zambia. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse anali ndi thupi lopitirira muyeso, akazi kuposa amuna. Mmodzi mwa asanu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ndipo 6 mwa 100 anali ndi shuga wochuluka m'magazi. Chaka chotsatira, 2018, kufufuza kwina kunaonetsa kuti ana 35 mwa 100 osafika zaka zisanu anali opinimbira. Chotero m'mudzi umodzi womwewo mupezeka zonse ziwiri, mwana wosakula ndi mkulu wolemedwa ndi thupi lake. Tsono m'mudzimo ndani alandira malipiro mwezi ndi mwezi, nakhala pampando kuchonga mabuku pamene anzake ali ndi khasu m'munda? Ndi ife.

Tiyerekeze mphunzitsi wa zaka 40 amene anamva mutu masiku ambiri, napita kuchipatala, namuuza kuti magazi ali kuthamanga ndipo thupi lachuluka. Abwera kunyumba ndi mantha. Aleka nsima ya usiku, aleka shuga, masiku ena agona ndi tiyi yekha. Pakutha miyezi itatu malaya amkwana bwino, nakondwera. Pamenepo ziyamba zomgwetsa.

Choyamba ndi pakamwa pa anthu. Kwathu kuno thupi lalikulu liyesedwa chizindikiro cha ulemu ndi mtendere wa panyumba. Mwamuna akanenepa, atamanda mkazi wake kuti adziwa kuphika. Koma munthu akaonda, anthu ayamba kunong'onezana, pakuti akulu akumbukira zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inatha anthu m'midzi ndipo kuonda kunali mthenga wa imfa. "Kodi aphunzitsi ali bwino?" Funso lotere likamveka katatu pachitsime, mkazi wa mphunzitsi awonjezera mtanda m'mbale.

Chachiwiri ndi mwambo wa ulemu. Mphunzitsi akacheza kwa makolo a mwana wa sukulu, amphera nkhuku, namtungira thobwa kapena munkoyo, ndipo kukana ndi chipongwe. Pamaliro, paukwati, pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mbale yodzaza iperekedwa kwa iye. Chachitatu ndi nyengo: dzinja likatha kudza chimanga chachiwisi, mawungu, misale, mbatata ndi nshawa, zonse pamodzi. Chachinayi ndi tsiku la malipiro, pamene tipita ku boma ku Petauke kapena ku Nyimba, ndi kubwerako ndi ufa woyera wa m'thumba, shuga, saladi ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera. Ndipo tsiku lililonse pakhomo pa sukulu pali beseni la vitumbuwa.

Zonsezi tizidziwa. Chimene ambiri sitichidziwa ndi chakuti mdani wamkulu wa mphunzitsi uja ali m'kati mwa thupi lake lomwe. Thupi silisiyanitsa kudzimana kwa dala ndi chilala. Likaona kuti chakudya chachepa ndipo mafuta ake ali kutha, liyesa kuti kwagwa njala, nilichita monga achita mayi wanzeru nkhokwe ikatsika: achepetsa ufa wa mumphika, natuma ana kukafuna chakudya kulikonse. Ife amene tinaona chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024 tidziwa kuti nzeru yotere isunga moyo. Makolo athu anapulumuka nayo zaka zambiri za njala. Koma nzeru yomweyo ilimbana ndi munthu wofuna kuchepetsa thupi.

Izi zinayesedwa ndi akatswiri. M'zaka za 1944 ndi 1945, pa nthawi ya nkhondo yaikulu yachiwiri, Ancel Keys wa ku yunivesite ya Minnesota ku America anatenga anyamata 36 odzipereka okha, nawapatsa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Aliyense anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Anyamata aja, amene anali athanzi ndi odziletsa, anayamba kuganiza za chakudya usana ndi usiku. Ena anasonkhanitsa mabuku a kaphikidwe namawawerenga. Atawamasula kuti adye monga afuna, anadya osakhuta, ndipo mafuta a m'thupi mwawo anapitirira amene anali nawo poyamba.

Chifukwa chake chinadziwika bwino pambuyo pake. M'chaka cha 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake ku New York anapeza kuti mafuta a m'thupi atulutsa mthenga wina m'magazi, wotchedwa leptin, amene auza ubongo kuti nkhokwe ili yodzaza. Mafuta akachepa, mthengayo achepanso, ndipo ubongo uitana njala. M'mimba namo muchokera mthenga wina, ghrelin, amene autsa chilakolako cha kudya. M'chaka cha 2011 madokotala a ku Melbourne ku Australia anafalitsa zimene anaona mwa anthu onenepa 50 amene anawaika pa chakudya chochepa kwambiri kwa masabata 10. Iwo anataya makilogalamu oposa 13 aliyense, tikawerengera pakatikati. Chitapita chaka chathunthu anali atabweza makilogalamu oposa 5, koma leptin anali akali wotsika, ghrelin akali wokwera, ndipo anali kumva njala kuposa asanayambe. Taonani, abale anga: chaka chathunthu, thupi likali kuitana chimene linataya. Pamwamba pa izi, thupi lochepa litentha chakudya chochepa, kotero kuti mbale imene kale inali yokwanira tsopano isiya zotsala zimene zisanduka mafuta.

Ngakhale mankhwala atsopano obaya, amene achepetsa thupi kwambiri, sanathetse lamuloli. M'chaka cha 2022 kunaonetsedwa kuti anthu amene analeka mankhwala otchedwa semaglutide anabweza magawo awiri mwa atatu a zimene anataya chisanathe chaka ndi miyezi. Tsono ngati mankhwala a mtengo wotere achita chomwecho, tisaponye ndalama zathu pa matiyi ndi maufa amene agulitsidwa m'misika ndi m'mabasi ndi lonjezo lakuti asungunula mimba.

Kodi tsono tileke? Iyayi, pakuti pali umboni wina wotonthoza. M'chaka cha 2002 ku America anafalitsa zotsatira za kuyesa anthu 3,234 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanadwale. Gulu limodzi linapemphedwa zinthu ziwiri zokha: kutaya makilogalamu 7 pa 100 alionse a thupi lawo, ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Mwa iwo matenda a shuga anachepa ndi 58 pa 100 poyerekeza ndi anzawo amene sanathandizidwe motero. Anawatsatira kufikira zaka 10. Ambiri anabweza gawo lalikulu la thupi limene anataya, monga achita mphunzitsi wathu uja. Komabe matenda a shuga anali ochepa mwa iwo ndi 34 pa 100. Ndiye kuti munthu wa makilogalamu 90 safunika kufika pa 65. Akataya 5 kapena 6, nayenda masiku onse, wapindula kale, ndipo ngakhale ena abwerere, phindu lina likhala naye. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chifukwa chake lamulo labwino la kadyedwe ndi limene munthu angalisunge mu Febuluwale ndi mu Meyi momwe, kunyumba kwake ndi kwa eni ake, zaka ndi zaka. Lamulo la kugona ndi njala lisungika miyezi itatu yokha, ndipo malipiro ake tawaona ku Minnesota. Ndipereke tsono malangizo asanu.

Loyamba: musaleke nsima, koma ichepetseni. Amene adya mitanda itatu adye iwiri. Mwezi ukatha aone ngati umodzi ndi theka ukwanira. Ufa wa mgaiwa ukhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera, pakuti gaga wake sanachotsedwe. Malo amene nsima yasiya m'mbale adzazidwe ndi ndiwo zamasamba, chibwabwa, bondwe, kalembula, therere, pamodzi ndi nyemba, khobwe, nzama kapena kapenta. Izi zikhutitsa, ndipo zambiri zimera kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi. Malangizo a kadyedwe amene boma la Zambia linatulutsa m'chaka cha 2021 aphunzitsa chomwechi, kudya zamitundumitundu tsiku lililonse.

Lachiwiri: yang'anirani chimene mumwa. Bungwe la WHO linalangiza m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 a shuga pa tsiku, ndi kuti 6 ndiwo abwino koposa. Botolo limodzi la theka la lita la chakumwa chotsekemera likhoza kukhala ndi masupuni oposa 12, ndipo silikhutitsa. Amene athira masupuni anayi m'kapu ya tiyi achotse imodzi sabata lino, ina sabata la mawa, lilime lizolowera. Mowa nawonso unenepetsa. Saladi muziyesa ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Ndipo mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, ndiwo magalamu 5.

Lachitatu: konzekeranitu mawu a kwa eni ake. Sikufunika kukana chakudya, munthu akhoza kusamba m'manja, kudya mtanda umodzi, kutamanda ndiwo, nanena poyera kuti, "Amayi, adokotala anandiletsa kudya kwambiri chifukwa cha BP." Mawu otere atseka pakamwa pa onong'ona, ndipo mwina amayiwo adzapita okha kukapimitsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Lachinayi: yendani. Mphindi 30 masiku asanu pa sabata ndizo 150 zija. Kulima dimba, kupalasa njinga, kuthamanga ndi ana pabwalo m'malo mongoimirira pansi pa mtengo ndi wezulo m'kamwa, zonsezi ziwerengedwa. Kuyenda pakokha sikuchotsa thupi lambiri, koma kuthandiza kwambiri kuti lisabwerere, ndipo kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ngakhale sikelo isasunthe.

Lachisanu: tsiku limodzi lisagwetse mwezi wonse. Amene anadya mopitirira paukwati Loweruka abwerere ku muyeso wake Lamulungu m'mawa, osadzilanga ndi njala, osanenanso kuti zonse zaonongeka. Kumene kulibe sikelo, tengani chingwe, muyese msinkhu wanu kuchokera kumutu kufikira kuphazi, muchipinde pawiri, muchizunguze pamimba pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikakumana, muli bwino, pakuti mimba iyenera kuchepera theka la msinkhu. Chitani chomwecho kamodzi pa mwezi.

Ndisanakhale pansi ndichenjeze pa zitatu. Kuonda kumene munthu sanakufune, makamaka pamodzi ndi ludzu, kukodza pafupipafupi kapena chifuwa chosatha, ndi nkhani ya kuchipatala msanga, ku Petauke, ku Minga, ku Nyanje, ku Nyimba kapena ku kiliniki yapafupi. Chakudza sichiimba ng'oma. Mankhwala ena, monga ena a ma ARV, akhoza kuwonjezera thupi. Wakumwa asawaleke yekha, koma akambirane ndi adokotala. Ndipo mayi wapakati, woyamwitsa, ndi mwana wa sukulu asaikidwe pa lamulo la kuchepetsa kudya popanda uphungu wa a zaumoyo. Mwana wonenepa m'kalasi tisamseke, tisalolenso anzake kumtcha maina. Manyazi sanachepetsepo thupi la munthu.

A Pampando, mutu umodzi susenza denga. Ndipempha kuti pa sukulu iliyonse aphunzitsi apangane zinthu zitatu temu ino: kuti pamisonkhano yathu pakhale madzi, nshawa ndi nthochi za ku Nyimba m'malo mwa mabotolo ndi vitumbuwa, kuti tiyende pamodzi ana akaweruka, ndi kuti aliyense apimitse magazi ndi shuga temu isanathe. Pa msonkhano wotsatira tidzauzane mmene tayendera, amene wabweza thupi anene osaopa, ndipo tidzayambe naye pomwe waimapo. Ana a ku Sasare afuna aphunzitsi amene adzafika pa penshoni ali ndi maso openya pabolodi ndi miyendo yoyenda.