PFUNGO LA M'DUWA LA CAMBA

Nkhani yanga iri ya cinthu cimene ambiri a inu mucidziwa ndi mphuno ngakhale simunacikhudzepo ndi dzanja, ndico pfungo la camba. Sindinena za kusuta iai. Ndinena za mtundu uja umene Angerezi aucha hemp, wolimidwa cifukwa ca luzi ndi mbeu zace, ndiponso za mafuta onunkhira okhala m'maluwa ace.

Mukayang'anitsa duwa lalikazi la mmera umenewu mudzaona tiubweya tonyezimira, tomata ku zala ngati ulimbo. Pa nsonga ya kaubweya kali konse pali kathumba, ndipo mafutawo abisala m'menemo. Katurutsidwe kace sikangadabwitse munthu amene anaonapo akazi alikucheza kacasu. Maluwa aikidwa m'mbiya yacitsulo. Nthunzi ya madzi owira ipyola pakati pace nitenga mafuta, kenaka izirala m'mpope nidontha m'botolo, momwe mafuta ayandama pamwamba pa madzi. Koma ngocepa ndithu. M'caka ca 1997 Mediavilla ndi Steinemann a ku Switzerland anapeza monga malita 10 okha m'munda wa hekitala yathunthu.

Nanga m'mafutamo muli ciani? Funso ili linapepuka kuyambira 1952, pamene James ndi Martin a ku London anaonetsa njira yolekanitsa zinthu zosanganikana poziyendetsa ndi mpweya m'kampope kakatali. Zouluka msanga ziyamba kuturuka, zolemera zitsalira m'mbuyo. Ndi njira imeneyi kwapezeka kuti m'camba muli zinthu zonunkhira zoposa 100, ndipo zambiri ziri za banja limodzi lochedwa ma terpene. Onsewa amangidwa ndi njerwa imodzimodzi, njerwa ya timagawo 5 ta carbon, cinthu cija cimene cidzaza m'makala. Njerwa ziwiri zipanga terpene wopepuka. Zitatu zipanga wolemera.

Apa mpamene ine ndinazizwa nditayamba kuwerenga za nkhaniyi, pakuti zinthu zimenezi siziri za camba cokha. Myrcene, amene kawiri-kawiri ndiye acuruka, alimonso m'mango ndi mu hops amene awawitsa mowa wa m'mabotolo. Pinene ndiye pfungo limene mumva podutsa m'minda ya paini ya ku Copperbelt. Limonene ndi uja akuthonyerani m'maso posenda lalanje. Mwa olemerawo wamkuru ndi caryophyllene, wopezeka mu tsabola wakuda ndi m'ma cloves a ku Zanzibar. Mmera supanga izi kuti utikondweretse ife. Ziuthandiza kudzichinjiriza ku tizirombo. Ndipo muyeso wace susunga malo amodzi: usintha monga mwa mtundu wa mbeu, nyengo, ndi tsiku lokolola. Mukayanika maluwa opepuka aja athawa, olemera natsala. Ncifukwa cace duwa louma linunkhira mosiyana ndi laliwisi.

Tsono mvetsetsani mau awa. Cimene ciledzeretsa munthu m'camba si pfungo ili. Ndi cinthu cina, THC, cimene Gaoni ndi Mechoulam a ku Israel anacipatula nalongosola mamangidwe ace m'caka ca 1964. Cikhala m'tithumba tomwe tija, koma ncolemera, ndipo nthunzi icinyamula pang'ono pokha. Motero mafuta ochezedwa bwino akhala naco cocepetsetsa. Hemp ali ndi THC wocepa, camba cosuta ciri ndi wocuruka, koma ma terpene ao ngamodzimodzi. Mphuno yanu, ngakhale ya wapolisi, siingathe kuzisiyanitsa.

Ici cikhudza alimi athu. Malawi m'caka ca 2020, ndi Zambia m'caka ca 2021, anaika malamulo olola kulima hemp kwa iwo okha amene alandira cilolezo ca Boma. Wina akabwera pamudzi panu ndi kathumba ka mbeu nati, nunkhizani duwa ili mumve kuti ndi hemp, musamkhulupirire. Mwina iye mwini sadziwa. Coweruza mlandu wotere ndi cipangizo coyesera THC m'nyumba ya akatswiri, ndipo munda wopanda kalata ya cilolezo ungakufikitseni ku bwalo la milandu ngakhale mbeuyo ikhale hemp weni-weni.