NTCHITO ZOSAMALIRA ALENDO: MAU KWA ANA A FOLOMU 4 NDI MAKOLO AWO

(Awa ndi mau amene mnzathu wina, yemwe wagwira ntchito m'mahotela ndi m'maofesi okonza maulendo kwa zaka zambiri, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga m'mene anawayankhulira.)

 

Komiti inandipempha kuti ndiyankhule za maphunziro a ntchito zokopa ndi kusamalira alendo. Ndikudziwa kuti makolo ena atamva zimenezi mtima sunawakhale m'malo. Mwana wakhala zaka 4 ku sekondale, mbuzi zatha m'khola chifukwa cha fizi, ndiye akathere kunyamula mbale m'hotela? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo ndiyesa kuliyankha mosabisa kanthu.

Tiyambe ndi pamene tili. Ife a kwa Nsamala tinakhala m'mbali mwa njira. Mlendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Liwonde kapena ku Zomba amakhota pa Chingeni nadutsa pa Balaka pompa. Wochokera ku Blantyre kupita kunyanja ku Mangochi amawoloka Shire pa Liwonde nadutsa pa Ulongwe. Tsidya la mtsinjewo, m'boma la Machinga limene ifenso tinali mbali yake kufikira 1998, muli nkhalango ya Liwonde imene boma linaikhazikitsa mu 1973. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi, nachotsa misampha yambirimbiri. Mu 2017 anabweretsa nyama zaliwiro zija zotchedwa cheetah, mu 2018 mikango, mu 2019 zipembere 17 zochokera ku South Africa, ndipo mu 2021 mimbulu. Njovu zinachuluka moti mu 2016 ndi 2017 zina anazisamutsira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 njovu 263 zinapita ku Kasungu. Azungu amalipira ndalama zambiri kudzaona zinthu zimenezi. Magalimoto awo timawaona tsiku ndi tsiku. Ife timangowagulitsa masawu ndi chimanga chootcha pa zenera, ndipo ena mwa abale athu a m'mbali mwa nkhalango njovu amazidziwa ngati zowononga minda basi.

Tsono mlendo akafika ku Mvuu kapena ku malo ena ogona m'nkhalangomo, pamafunika wina womulandira, wina womuphikira, wina woyendetsa boti, wina wosunga mabuku a ndalama, ndiponso wina womuperekeza kukaona nyama. Ntchito zonsezi zimafuna munthu wophunzitsidwa. Mwini malo sangapereke boti lodzaza alendo pakati pa mvuu ndi ng'ona kwa munthu chifukwa chakuti kwawo ndi pafupi. Ana athu akapanda kuphunzira, malowo amatengedwa ndi ana a kwina, ife n'kumadandaula kuti akutikondera.

Ndikhalitse pang'ono pa ntchito ya woperekeza alendo, amene anzathu amati gaidi, chifukwa ndi imene mwana wa kuno ali nayo mwayi kuposa mwana wa ku Area 47. Inu munakula mukudziwa mlambe, tsanya ndi mgwalangwa. Mumadziwa kulira kwa nkhwazi, chisa cha nantchengwa, ndi phazi la fisi pa mchenga. Zimene mnzanu wa m'tauni adzaziloweza m'buku, inu munazidziwa mukuweta mbuzi. Chimene chikukusowani ndi mayina ake m'Chingerezi, chifukwa chake cha zinthu, ndi luso lofotokoza. Ku Liwonde kuli mitundu ya mbalame yoposa 400, ndipo alipo alendo amene amachoka ku London kudzafuna mbalame imodzi yokha, kadzidzi wogwira nsomba uja amamutcha Pel's fishing owl. Gaidi amene angamupeze kadzidziyo, dzina lake limayenda pakati pa alendo popanda iye kulembera kalata aliyense. Gaidi amafunsidwanso mbiri: kuti David Livingstone anadutsa liti m'chigwa cha Shire, yankho lake 1859, kuti baraji ya pa Liwonde inamangidwa liti, yankho lake 1965, ndipo ntchito yake ndi kulamula madzi opita kumalo opangira magetsi kumunsi. Kotero inu amene mumagona m'kalasi ya Geography, History ndi Biology, dziwani kuti mukugonera chakudya chanu. Onjezanipo laisensi yoyendetsera galimoto ndi maphunziro a chithandizo choyamba kwa wovulala.

Ntchito ina ndi ya m'ofesi yokonza maulendo. Imeneyi si ya azungu okha ayi. Abale athu Achisilamu opita ku Hajj ku Mecca, amalonda opita ku Dubai ndi ku China, ana opita ku sukulu kunja, odwala opita ku India, onsewa amafuna munthu wowakonzera tikiti, viza ndi malo ogona. Pamene ine ndinkayamba, tikiti ya ndege inali kabuku kolemba pamanja. Matikiti a mapepala aja anatha mu 2008, ndipo lero zonse zimachitika pa kompyuta, m'makina monga Amadeus ndi Galileo. Muyenera kudziwa kuti LLW ndi Lilongwe, BLZ ndi Blantyre, JNB ndi Johannesburg, kuwerengera kusiyana kwa nthawi pakati pa maiko, ndi kusintha kwacha kupita ku dola. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa tikiti ndi pasipoti, munthu akhoza kubwezedwa pa bwalo la ndege katundu ali m'manja. Ndinenenso kuti ntchitoyi yasintha: anthu ambiri akudzigulira okha matikiti pa foni, ndipo makampani ambiri a ndege anachepetsa kangachepe kamene ankapatsa maofesi. Ofesi imene ikupulumuka ndi imene ikudziwa kukonza ulendo wonse, kuchokera pa bwalo la ndege, kudzera ku Zomba, ku Liwonde, kukathera ku Cape Maclear.

Pano ndipatuke pang'ono. Si aliyense wodzitcha wokonza maulendo amene ali woona. Mu 2024 tonse tinamva za amayi a ku Malawi amene anazunzika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino ndi anthu otere. Makolo, munthu akabwera m'mudzi nanena kuti adzalipira yekha pasipoti ndi tikiti ya mwana wanu wamkazi, kafunseni kaye ku ofesi ya Labour pa boma.

Nanga maphunzirowa amapezeka kuti? Sukulu yodziwika kwambiri ndi Malawi Institute of Tourism ku Blantyre, imene ili ndi hotela yakeyake ya Alendo kumene ophunzira amayeserera ntchito pa alendo enieni. Kumeneko amaphunzitsa kuphika, kuperekera zakudya, kulandira alendo, kusamalira zipinda ndi kukonza maulendo, ndipo munthu amatuluka ndi setifiketi kapena dipuloma. Amene mwakhoza bwino kwambiri, Mzuzu University ili ndi madigiri a zokopa alendo ndi kuyendetsa mahotela. Palinso bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Musanalipire fizi ku sukulu ya munthu imene mwangoiona pa chikwangwani, funsani ngati ili yovomerezeka, ndipo funsaninso kuti ana ake amakayeserera ntchito kuti. Sukulu ya zophikaphika yopanda khitchini ndi malo ongotayako ndalama. Khomo la zonsezi ndi MSCE, makamaka Chingerezi. Amene angathe aphunzirenso Chipwitikizi: njanji yochokera pa Nkaya imatulukira pa Nayuchi kupita ku Nacala, ndipo anthu a ku Mozambique ndi anansi athu.

Zowawa zake ndi izi. Malipiro oyambira ndi ochepa. Pa Khirisimasi ndi pa Idi, anzanu akusangalala, inu muli pa ntchito. Alendo amachuluka m'chilimwe, dzinja likafika malo ena amachepetsa antchito. Mu 2020, chifukwa cha Covid-19, ndege zinaleka kutera kwa miyezi ingapo, ndipo anzanga ambiri anabwerera kumudzi opanda kanthu. Mudzakumananso ndi alendo achipongwe, ndipo mudzayenera kuwayankha mwaulemu mtima ukuwawa. Koma mamanejala ambiri amene ndagwira nawo ntchito anayambira kutsuka mbale kapena kuyala mabedi, chifukwa mu ntchito imeneyi amakweza munthu amene amuona ndi maso akugwira. Ndipo wodziwa kuphika kapena kusunga mabuku, hotela ikatsekedwa, amatha kutsegula lesitilanti yake pa Balaka.

Kwa makolo amene mumati mtsikana wogwira ntchito m'hotela walowerera, ndikupemphani musiyanitse bala ya pa siteji ndi hotela yokhala ndi malamulo, yunifolomu ndi kalata ya ntchito. Ndaona atsikana anzeru akuletsedwa kupita ku maphunzirowa, n'kukwatiwa chaka chomwecho, pamene anzawo amene analoledwa lero akulipirira azing'ono awo fizi.

Tsopano kwa inu anzanga ophunzira akale. Thumba lathu lothandizira ana lakhala likuyang'ana okhawo osankhidwa kupita ku yunivesite. Amenewo ndi ochepa, ndipo akhoza kupemphako ngongole ya boma. Otsalawo, amene anakhoza MSCE koma sanasankhidwe, tikuwapeza pa kabaza kapena pa basi ya ku Joni. Ndikupempha, a Wapampando, kuti msonkhano uno ukambirane zinthu ziwiri: kuti chaka chilichonse thumbali lizilipirira mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi maphunziro a setifiketi a ntchito zosamalira alendo, ndiponso kuti tipeze galimoto yotengera ana a Folomu 3 kukaona nkhalango ya Liwonde, popeza ambiri a iwo sanaonepo njovu ngakhale anabadwira pafupi nayo. Ine ndilipira mafuta a ulendo woyamba, ndipo ndalamazo ndizisiya kwa a Msungichuma tisanabalalike lero.