Cipepeso ca Mapapo a Amuna a ku Joni

Mafumu athu, amai ndi abambo a nthambi za Machinga ndi Balaka, tabwera kudzakamba za ndarama za odwala athu zimene ziri ku South Africa. Inshuwaransi ya cipatala, monga ya MASM, nja anzathu olandira pamwezi. Ife a ku Ntaja, Ulongwe ndi Phalula cimene tingaitanitse ndico cipepeso ca m'migodi.

Amuna athu anapita ndi Wenela ndi Theba kukakumba golide. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown nipha anthu athu oposa 70, ulendo nuyamba waima. Mu 1988 khomo linatsekedwanso. Anabwera ndi njinga ndi mawailesi. Anabweranso ndi pfumbi la miyala m'mapapo, nthenda yochedwa silicosis, ndi cifuwa cacikuru.

Mu 2019 bwalo la milandu ku Johannesburg linabvomereza pangano lakuti makampani 6, mwa iwo Anglo American, Harmony ndi Gold Fields, apereke R5 biliyoni. Wogawa ndaramazo ndi bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo liwerenga okhawo amene anagwira nchito pakati pa March 1965 ndi December 2019.

Tsono tamverani m'mene munthu akanidwira. Ayenera kusonyeza kuti anagwiradi pa mgodi wa makampani amenewo. Nanga nambala yace ya ku mgodi iri kuti? Mapepala ena anatha ndi ciswe, ena anapita ndi madzi. Mabuku a nchito anali m'manja mwa mgodi ndi Theba, koma wofunsidwa umboni ndi nkhalamba ya kumudzi. Wa cifuwa cacikuru alipidwa ngati nthendayo inapezeka ali pa nchito, kapena cisanathe caka atacoka. Kodi mu 1989 ndani kwa Kawinga anaunikidwa m'cifuwa atangotsika basi? Mai wamasiye afunsidwa cikalata ca imfa cochula nthendayo, pamene mwamuna wace anafera m'nyumba naikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo wa Cisilamu, popanda dokotala womuona.

Ife tikuti muyeso umodzi kwa munthu wa ku Welkom, wokhala pafupi ndi cipatala ca mgodi, ndi kwa munthu wa kwa Nyambi, si cilungamo ai. Cifukwa cace tipempha bungwe lija litiuze poyera za Malawi: anapempha angati, anakanidwa angati, ndipo anakanidwa pa cifukwa canji.

Alembi a nthambi, yendani m'midzi mulembe maina a onse anapita ku Joni, amoyo ndi akufa omwe, mgodi wace ndi zaka zace. Kapepala kali konse, ngakhale kong'ambika, kasungidwe mu pulasitiki. Kupempha nkwaulere, wina akati mumpatse ndarama kuti akufulumizitsireni, ameneyo ndi mbala, kamnenezeni kwa amfumu. Ndipo amene walandira yankho lomkana asaliike pansi pa mphasa. Abwere nalo kwa mlembi msanga, pakuti masiku ocitira apilo ngowerengeka.