Duwa Loweramitsa Mutu

Ulaliki wolalikidwa ku Mchinji. Mau: Mateyu 6:28-30.

Pa mau awa Yesu atituma kusukulu ya kuthengo, kumene mphunzitsi wace ndiye duwa. Cifukwa cace tipenye lero banja limodzi la maluwa, limene anzeru alicha Fritillaria. Silimera kuno kwathu, pakuti likonda maiko ozizira a kumpoto. Koma ciphunzitso cace cifika ndi ku Mchinji komwe.

Coyamba, taonani kusiyana kwace. Banja ili liri ndi mitundu yoposa 100. M'madambo a ku England limera lina lamawangamawanga, limene Linnaeus, m'caka ca 1753, analicha meleagris, ndiko kunena nkhanga. Ku Alaska ndi ku Kamchatka kuli lina lakuda bii, ndipo eni dziko anadya mizu yace kuyambira kale. M'mapiri a ku Iran ndi ku Turkey muli lina lofika m'cuuno mwa munthu, la maluwa ofiira ozinga tsinde ngati korona wa mfumu. Onsewa ali banja limodzi, ndi Mlengi wao ali mmodzi. Nanga ife a kumalire kuno, Acewa, Angoni ndi Asenga, tipeputsirana cifukwa ninji? Mulungu sanalenga duwa limodzi lokha.

Caciwiri, taonani kudzicepetsa kwace. Duwa lacifumu lija siliyang'ana kumwamba, koma liwerama. Ndipo m'kati mwace muli madontho asanu ndi limodzi a madzi ozuna, onga misozi. Akristu akale anasimba nthano yakuti duwa ili linakana kuweramira Ambuye m'munda wa Getsemane, ndipo pambuyo pace linacita manyazi, niliwerama, nililira kufikira lero. Nthano iyi siri m'Buku Lopatulika, koma funso lace ndi loona: iwe wobvekedwa ulemu, mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi, kodi mutu wako uwerama?

Cacitatu ndico cocititsa cisoni. M'mapiri a Hengduan, ku China, muli mtundu wina umene anthu akumba mizu yace kuyesa mankhwala. M'caka ca 2020 anzeru anaonetsa kuti kumene akumbi acuruka, duwa ili lasanduka lotuwa ngati miyala yomwe limerapo; pakuti oonekera bwino anazulidwa, natsala obisika okha, nabala ana onga iwo. Ha! Colengedwa ca Mulungu cibisala pamaso pa munthu amene anaikidwa kucisunga.

Musanene kuti, Izo nza ku China. Mvula ikagwa, madambo athu abvala maluwa a cikanda, ena oyera, ena ofiira. Mizu yace ikumbidwa, nigulitsidwa m'misika, makamaka ku Zambia, ndipo malondawo anakula kufikira akumbi anaoloka malire a maiko. Ku Tanzania boma linapatula dziko lamapiri la Kitulo m'caka ca 2005 kuti maluwa otere asathe. Eni dzikolo alicha munda wa Mulungu. Kukumba si chimo ai, pakuti amasiye ambiri alera nako ana. Chimo ndilo kukumba zonse, osasiyako mbeu, monga ngati Mulungu sadzakhalapo caka camawa. Umbombo ndiwo mwana wa nkhawa, ndi nkhawayo ndiyo imene Yesu aitsutsa pa mau athu a lero.

Cifukwa cace, amai, pokumba musiyeko zina m'nthaka. Anyamata, musatenthe dambo cifukwa ca mbewa. Ndi inu aphunzitsi a m'midzi, turukani ndi ana kunka kudambo, muwaonetse duwa liri lonse, kuti aphunzire kupenya asanathyole. Pakuti mmera mpoyamba.

Iye amene abveka duwa la kumapiri kosafika munthu sadzakuiwalani inu. Tiweramitse mitu yathu, tipemphere. Amen.